Dzina Langa Linafela ku Burma

Lolemba, 4 Meyi 1959. Petauke.

Mphepo yayamba. Choko chatha kusukulu, ndalemba pa bolodi ndi chinangwa chouma. Ana akuti chimalemba bwino kuposa choko cha Boma. Ndawaletsa kunena mokweza. Masiku ano ngakhale chinangwa chingathe kumangidwa.

Phukusi lochokela kwa Meja. Mzungu wopuma usilikali, tsopano alima fodya kufupi ndi Fort Jameson. Walemba mbili ya brigedi yao, chigulu chija cha asilikali oyenda pansi chimene chinatenga anyamata a kuno pa nkhondo yapitayi. Masamba 340, otaipa. Anamva ku Boma kuti ku Petauke kuli munthu wakuda wa B.A., monga mmene anthu amamvela kuti kwakuti kwabadwa thole la mitu iwili. Akufuna zinthu ziwili. Ndimukonzele kalembedwe ka maina a akufa a m'dela lino. Ndimusonkhanitsilenso "tinkhani toseketsa" kwa asilikali akale.

Ndafika pa tsamba 90. Nyulu za brigedi zili ndi maina. Galu wa mkulu wa asilikali ali ndi ndime yakeyake, anali wolimba mtima pa Abisiniya. Ife: "asilikali makumi anai anaphedwa, otsalawo anapitiliza ulendo akuimba."

Lachitatu, 6 Meyi.

Mndandanda wa akufa uli kumapeto. A ku Petauke maina 31. Dzina lachitatu kuchokela pansi: Febian Vitalis, msilikali wamba, anafela ku Burma, Okutobala 1944.

Ndine. Kalembedwe nkolondola, palibe chokonza.

Ndinkadziwa kuti ndidzalipeza. Komabe ndinatseka buku nkutuluka kukayang'ana nkhuku za eni.

Ndilembe kamodzi, popeza sindinalembepo. 1942, ndili pa tchuthi kuchokela ku sukulu ya Munali ku Lusaka. Kapaso, mtumiki wa mfumu, anabwela kudzalemba anyamata a nkhondo, mudzi uliwonse awili. Anaona kutalika kwanga, analemba ine. Amai ndi malume anakhala pansi tsiku lathunthu. Wa sukulu sangapite. Anapita mkulu wanga Cosmas, chitupa changa m'thumba mwake, atangotha miyezi itatu ndi mkazi wake Olipa. Kwa wolemba usilikali tonse nkhope imodzi. Ine ndinabwelela ku Chilatini changa.

Kalata ya Boma inafika kumapeto kwa 1944, kuti Febian wafa. Amai anaibweza ndi mesenjala yemweyo. "Febian ali ku Lusaka, akudya nyemba za sukulu. Boma likafunse bwino."

Chiyambile tsiku limenelo kwathu sikunafe munthu. Palibe malilo, palibe kumeta, palibe kusudzula. Olipa akadali mkazi wa mwini, m'mudzi wa apongozi. Zaka khumi ndi zisanu.

Loweluka, 16 Meyi. Kwathu, kwa Sandwe.

Lole ya asitolo mpaka pa mphambano, kenaka njinga. Msewu ndi womwe uja. Chitaganya chinatilonjeza kuti mzungu ndi munthu wakuda adzagawana zonse. Maenje a msewu uno sanayambe kugawidwa.

Maso a amai atsala pang'ono kuthelatu. Anandizindikila ndi fungo la polishi. Anandigwila mkono, nkuufinya. "Wanenepa. Mabuku ali na mafuta."

Olipa ananditumizila mau kuti ndimupeze kumunda, akukumba nshawa. Imvi ziwili zitatu pamwamba pa khutu. Sindinazionepo, kapena sindinayang'anepo.

Kuli mwamuna. Josiah, kalipentala wa ku Msanzala. Mkazi wake anamwalila chaka chatha, anasiya ana atatu. Wafunsila kwa abale a Olipa. Iwo akuti sangapeleke mkazi wosasudzulidwa, mzimu wa mwamuna woyamba ungamulondole mpaka pa mphasa. Josiah akuti adikila mpaka atatentha tchile. Kupitilila apo ana sangadikile, afuna wowasambitsa.

Mau a Olipa, khasu lili m'manja: "Alamu, inu mumalankhula na azungu osavula chipewa. Amai anu okha ndiwo akukanikani?"

Ndinaseka. Iye sanaseke. "Nifuna nane nibeleke mwana kumsana nthawi isananithele."

Ali ndi zaka 33. Ndinawelengela pobwelela ku mudzi, ngati kuti samu ingathandize.

Sabata, 17 Meyi.

Ndinayesa. Amai pakhonde, akuswa nshawa osayang'ana, zala zimaona zokha. Ndinakonza mau oyamba ndi mfundo zitatu, monga pa mtsutso ku yunivesite ya Fort Hare. Ndisanamalize mfundo yoyamba:

"Unauona mtembo?" Ai. "Alipo anauona?" Sindidziwa. "Ndiye umete wekha. Pepala likunena iwe."

Zaka zinai za filosofi. Ndagonja kwa munthu wosadziwa A.

Olipa anamva zonse ali kuseli kwa nyumba. Pondipatsa madzi osamba anagwada monga mwa masiku onse. Bola akanandithila nawo.

Lachinai, 28 Meyi. Petauke.

Chimfine. Ndaphunzitsa Sitandade 6 za mitsinje ya ku England ndi mphuno yotseka. Palibe anazindikila kusiyana.

Masana, asilikali akale pansi pa mkuyu. Anabwela asanu ndi anai, mamendulo opukutidwa ndi phulusa. Ankayesa kuti ndabweletsa zimene analonjezedwa potsika sitima: minda, mapulawo, ntchito za umesenjala. Ndinabweletsa pensulo.

Tinkhani toseketsa. A Morgan alibe zala zitatu. Amati misundu ya ku Burma inali yonenepa ngati chala, nkukweza chala chimene palibe. Onse anafa nako kuseka. Ndalemba. Wina amati ankadya chakudya choponyedwa kuchokela mu ndeke, ndipo thumba la mpunga linaphwanya mnzake wa kwa Nyanje. "Ndiye yekha anakhuta." Asekanso. Iyi sindinalembe. Ndinailemba, kenaka ndinaifufuta.

Palibe amene anali m'kagulu ka Cosmas. Akuti ndiyese ku Nyimba, kuli kopolo wina, a Whiteson, amagulitsa nthochi pa msewu waukulu. "Koma za kumene kuja salankhula, ngakhale muwagulile chigubu chathunthu cha mowa."

Buku, tsamba 212. Chigwa cha Kabaw, mvula miyezi itatu osakata. Meja akuti mzimu wa asilikali sunanyowe. Ndikukhulupilila. Ndi chokhacho chimene sichinanyowe.

Loweluka, 6 Juni. Nyimba.

Basi ya ku Lusaka. Nyimba: nthochi, fumbi, nthochi.

A Whiteson ndi munthu wamfupi, khutu limodzi logontha, jekete la nkhondo lopanda mabatani. Ndinangoti ndine mphunzitsi, ndikuwelenga maina a anzao kuti andikonze pamene Boma lalakwitsa. Anavomela. Dzina lililonse ankaliyankha ngati ali pa pelete. "Mfuti." "Malungo." "Mtsinje." "Malungo." "Malungo."

Febian Vitalis.

Anatembenuza khutu labwino. Anandifunsa kwathu. Ndinati kwa Sandwe. Anandifunsa dzina. Ndinanena.

Anaimilila, nkupita. Osathamanga. Nthochi zonse anazisiya pa msewu. Ndinakhala pomwepo mpaka dzuwa kupendeka, ine B.A., ndikuingitsa mbuzi pa malonda a eni. Ndinagulitsako kwa a lole. Amai ena ogulitsa pafupi akuti ndili ndi dzanja, ndisiye za sukuluzi.

Sabata, 7 Juni. Nyimba.

Abwela okha m'mawa kumene ndinagona. Anakana mpando. Ndilembe monga ananenela.

Kagulu kao kanatumidwa kutsogolo kukazonda. Cosmas anagwidwa ndi kamwazi pamodzi ndi malungo. Masiku asanu ndi limodzi pa machila, matope mpaka m'mabondo. Onyamula anai, awili nawonso anagwa. Ajapani anatseka njila. Sajeni analamula kuti amusiye, adzamutenga pobwela. Anamugoneka pansi pa nsungwi. Pobwela anadzela kwina.

"Ninamusiya akupuma, bambo aphunzitsi. Mtembo sininauone. Amene analemba kuti wafa ni kalaliki, ali pouma."

Asanachoke, Cosmas anawagwila mwendo. "Kopolo, ine sindine Febian. Ndine Cosmas, wa kwa Sandwe. Mukakafika mukanene kuti Cosmas ndiye watsala."

Za ine Cosmas sananene kanthu. Ndinafunsa kawili.

A Whiteson ananyamukapo kawili pa njinga kupita kwathu, 1946 ndi 1950. Maulendo onse anabwelela pa mlatho wa Msanzala. Amati mwendo umene unagwidwawo unkakana kupalasa.

Ndinawafotokozela za Olipa. Ndinawapempha: tiyeni kwa amai, mukangonena kuti munamuika m'manda ndi manja anu. Bodza laling'ono, lomasula munthu wamoyo. Anandiyang'ana monga ayang'anila msilikali wa nsapato zosapukuta.

"Ninamusiya. Lomba nimunamilenso?"

Kenaka, atayang'ana kunja: "Kupita nipita. Koma nikanena zimene ninaona."

Mboni ndaipeza. Mboni yotsimikiza kuti amai akunena zoona.

Lachiwili, 16 Juni. Petauke.

Ndalembela Meja. Dzina lachitatu kuchokela pansi lichoke, alembepo Cosmas. Ndafotokoza zonse, kapaso, chitupa, nsungwi. Ndimaganiza kuti pepala lina likabwela ndi dzina loyenela, amai adzalikhulupilila. Pepala linamanga, pepala limasule.

Kalatayo yagona m'jekete masiku anai. Chitsekele Boma chipani cha anthu akuda mu Malichi, ahedi amawelenga ngakhale nkhope zathu. Mphunzitsi amene anazemba nkhondo ya Mfumu ya ku England, nkudzinenela yekha, mochita kusaina. Chaka chabwino chonenela zoona si chino.

Ndaponya lelo. Bokosi la positi lameza osatafuna.

Lachitatu, 24 Juni.

Palibe yankho. Ndalembetsa mayeso a theka la chaka. Funso lachisanu: tchulani ubwino utatu wa Chitaganya. Mwana wina walemba umodzi nkusiya mizele iwili yoyela. Ndamupatsa zonse.

Ndimayesa kukumbukila mau a Cosmas, sakubwela. Ndikumbukila chidendene chake chong'aluka, ndi mmene ankalizila mluzu poitana agalu. Tsiku lopita anandipatsa lamba wake, amati Boma likamupatsa wina. Ndinamufunsa ngati angandisiyilenso mpeni.

Mpeni. Ndiwo mau anga otsazikila.

Lachisanu, 3 Julaye.

Yankho lafika. Meja ndi munthu waulemu. Mndandanda unachokela ku London, ndipo London salakwa, akalakwa amadinda. Akuti aziona ngati kalata yanga sanailandile, "kaamba ka ubwino wanu, m'masiku ano." Nkhani ya misundu waikonda kwambili. Zilipo zina zotelo?

Choncho ndatsala wakufa, mwa chifundo cha mzungu.

Dalaivala wa lole wabweletsa mau a Olipa. Josiah anabwela kwa Sandwe kudzakonza chitseko cha tchalitchi, anamupatsa moni ali chapatali. Azakhali ake a Josiah akumuonetsa mtsikana wa kwa Nyalugwe. Kudambo ayamba kale kutentha. Mau otsiliza dalaivala anawanena akuseka, osadziwa tanthauzo: "Mukawauze alamu kuti utsi nikuuona."

Ndatuma uthenga ku Nyimba. Palibenso china.

Loweluka, 18 Julaye. Kwa Sandwe.

Njila yonse ndinkawaphunzitsa a Whiteson ngati mwana wa mayeso. Musanene kuti "akupuma." Nenani kuti anali atatha. Anandilozela khutu logontha. Pa lole anakhala mbali yoti logonthalo liyang'ane kwa ine.

Anavala mamendulo. Titaona madenga a mudzi anawavula, nkuwaika m'thumba.

Masana, pakhonde la amai. Malume aang'ono, alongo awili a Olipa, ine. Olipa pafupi ndi nkhokwe, akupeta zopetapeta kale. A Whiteson ananena zonse. Machila, nsungwi, mvula, sajeni. Akupuma. Liu limenelo analinena momveka, kawili, poopa kuti mwina amai nawo ndi ogontha.

Ndinayang'ana pansi. Mumtima ndinati basi, Josiah akatenge wa kwa Nyalugwe.

Nkhuku inadutsa pakati pathu. Kenaka mafunso a amai, liu lotsika.

"Anatchula dzina liti?"

"Cosmas, amai."

"Munamugoneka pa dothi?"

"Pa chisaka cha tenti."

"Munamufunda?"

"Bulangeti langa. Ninamufunda mpaka m'khosi, miyendo nayo ninaikulunga. Ine ninagona pa mvula mpaka Disembala."

Amai anatambasula dzanja, kufunafuna, mpaka anapeza bondo la a Whiteson.

"Ndiye munamuika, bambo. Wofunda mnzake bulangeti nkumugoneka ndiye wamuika. Ndinu adzukulu athu. Mwachedwa chabe kubwela kudzanena."

A Whiteson anayamba ndiwo. Kopolo wa Mfumu, kulila ngati mwana wotayika pa msika. Kenaka amai. Sindinawamvepo chotelo, ngakhale pa malilo a atate, ngakhale pa Sophia mlongo wanga. Akazi a m'mudzi anabwela akuthamanga, mitsuko itatayidwa m'njila, akufunsa kuti wafa ndani.

Olipa ndiye anawayankha. "Amuna anga."

Ine ndinali ndi bodza langa lokonzakonza, la mfundo zitatu. Palibe analifuna.

Lolemba, 20 Julaye.

Tinaika malilo dzulo. Thunthu la nthochi, lokulungidwa mu mphasa, m'dzenje la msinkhu wa munthu. A Whiteson ndiwo anatsika nalo. Ali m'munsimo anati: "Nthochi izi zinilondola kulikonse." Anthu anaseka. Mdzukulu amaloledwa.

Katekisiti anafunsa dzina loti atchule m'pemphelo. Onse anayang'ana ine. Ndinanena ndine. Cosmas Vitalis. Koyamba kulitchula pa gulu chichokele iye.

Lelo kumeta. Mowa udzabwela pambuyo, amai akuti adikila kokwanila. Lumo limodzi, mitu khumi ndi iwili. Wanga watuluka wa mabampu ngati msewu wathu. Olipa anauyang'ana nthawi yaitali. "Nzelu zonse zija zinali m'kamutu aka?"

Kenaka malume anamuitana pakati. Anamupaka ufa pamphumi, nkumumanga mkanda woyela pa dzanja. "Pita, mwana wa eni. Ulibe mlandu na ife." Mphindi ziwili. Ndinayang'ana pa wotchi, chizolowezi cha m'kalasi. Zaka khumi ndi zisanu, mphindi ziwili.

Mlongo wa Olipa wapalasa kupita ku Msanzala.

Ndinayenela kukhala m'kalasi lelo. Ndidzauza ahedi kuti kunali malilo. Adzafunsa kuti anamwalila liti. Ndidzati 1944, uthenga unabwela wapansi.

Lachitatu, 22 Julaye.

A Whiteson anapita dzulo, nkhuku ya udzukulu ili m'khwapa. Anandipatsa sailuti. Sindinadziwe pobisa manja.

Mlongo wa Olipa wabwela. Josiah sanatenge wa kwa Nyalugwe. Watumiza bokosi la mlombwa, lopala yekha, loti Olipa aikemo zovala. Zovala zake zonse zadzaza theka. Anakhala akulitsegula ndi kulitseka, kumvela mahinji.

Ndinamva kupepuka, ndivomele. Ndinadziona ngati munthu amene wachita kanthu. Ndinayamba kulongedza zanga, lole idutsa pa mphambano Lachisanu.

Ndinauza amai kuti ndiwatenga ku Petauke. Nyumba ya aphunzitsi, zipinda ziwili, mpopi pafupi, chipatala. Ndinayesa kuti akondwa.

"Mwana wanga wangogona kumene apo, dothi likali lofiila. Ine nichoke? Nidzachoka ponipeleka pambali pake."

Ndinati tikambilana. Anati takamba kale.

Lachinai, 23 Julaye.

Olipa wapita m'mawa, alongo ake atasenza bokosi.

Asananyamuke anandizungulitsa pakhomo ngati sajeni. Chitsime chapafupi chimauma mu Ogasiti, chinacho chili kuseli kwa phili, kupita m'mamawa njovu zisanatsike. Phala la amai losefa, la mibulu amalavula. M'maso kutsuka kawili ndi madzi ofunda a mchele. Osawasiya okha pafupi ndi moto, anagwelamo chaka chatha, chipsela chili pa ntchafu. Kuthengo amapita wina atawagwila dzanja, ndipo amachita manyazi, uziyang'ana kumbali nkumaimba kanyimbo. Akakana kudya, uwauze kuti utaya, amadya.

Za moto sindinadziwe. Za dzanja sindinadziwe. Ndimabwela kuno kawili pa chaka ndi shuga ndi nsalu, anthu nkumati mwana wosamala.

Ndinafunsa kuti nanga zonsezi azichita ndani. Ndinafunsadi, ndi pakamwa pangapa. Sophia anamwalila ali mwana, malume ndi wodwala mwendo, akazi ao ali ndi mai wao wosamala. Miyezi iwili ndathamanga, Nyimba, Meja, positi, ndipo funso ili silinandifikepo m'mutu ngakhale kamodzi.

Olipa sanakwiye. Anakonza mpango pa mutu wometawo. "Alamu, akulu anu anakupitilani ku nkhondo. Ine ninakukhalilani pano. Lomba funsani, kapena alipo wina."

Anagwada kwa amai, analankhulana motsitsa, sindinamve. Anatuluka osacheuka. Kanjila ka ku mphambano, bokosi patsogolo, iye pambuyo, akuyenda mofulumila ngati mtsikana.

Kalata ya kwa ahedi ndaiyamba katatu. Yoyamba yopempha sabata imodzi. Yachiwili mwezi. Yachitatu ili ndi deti ndi "Bwana" basi.

Ndayesa kusonkha moto. Utsi wokhawokha. Akazi awili aima pa mpanda wa a Perpetua oyandikana nafe, akuonelela, dzanja pakamwa.

Amai akuitana m'nyumba. Akuitana Olipa.

Aitananso.

Palibe wina woti a—